Thumba la Pansi pa Bedi

Tsache linalowa pansi pa bedi n'kutuluka osagunda kanthu. Rukiya anaima kaye. Zaka zonsezi, akamasesa chipinda cha makolo ake, tsache likafika pakati linkagunda thumba, ndipo mawu a bambo ake ankamveka kuchokera pakhonde: "Pamenepo pasiye, mama." Lero kunalibe mawuwo, kunalibenso thumbalo.

Anagwada n'kusuzumira. Pasimenti panatsala malo oyera pamene thumba linkakhala, fumbi litazungulira m'mbali, ndi tinyenyeswa ta dothi lofiira. Anatola kamodzi n'kukafikisa ndi zala. Kanali kouma gwa. Komabe chipinda chonse chinkanunkhira ngati nthaka imene yangolandira mvula yoyamba.

Bambo ake, aphunzitsi a Ayubu, anamwalira Lolemba m'mawa ndipo anaikidwa dzuwa lisanalowe, monga mwa mwambo wa Chisilamu. Akazi sanapite kumanda. Rukiya anangoona jeneza, chithatha cha maliro, likulowa m'kanjira ka pakati pa tiyi, likuyandama pamapewa a anthu mpaka nkhungu inalimeza.

Pabalaza wailesi inkangoti shiii. Amayi ake anali atayatsa mamawa mwachizolowezi. Aphunzitsi a Ayubu anaphunzitsa mbiri yakale pa sekondale ya pafupi ndi fakitale ya tiyi mpaka kupuma ntchito, ndipo m'mawa uliwonse ankamvera wailesi ya ku Amereka, kukangana nayo ngati mnzawo wa pabawo. Boma lakumeneko litaitseka, iwo sanasunthe muvi. Ankakhala pampando womwewo, tiyi m'manja, n'kumamvera phokoso lopanda mawulo. Rukiya atawafunsa tsiku lina anangoti, "Ndikumvetsera mmene ufumu umamvekera ukadzigwira pakamwa."

Mawu a bambo aang'ono a Kasimu anadutsa pawindo. Anali pakhonde, foni ataikweza kuti nyumba yonse imve.

"Sindikufunsa za loya wako, Hamdan. Ndikufunsa kuti arobaini ya bambo ako, sadaka ya tsiku la makumi anayi, ikupeza kuti?"

"Bambo aang'ono, ndikatuluka kuno sindibwereranso." Mawu a mchimwene wake wa Rukiya ankamveka mochepa, ngati akuchokera m'chitsime. "Anditsekera zaka khumi. Mwana sanayambe n'kukwawa komwe."

"Mwana adzakula. Bambo ako sadzafanso kawiri."

Hamdan anapita ku Amereka kukaphunzira Rukiya ali kamtsikana. Viza inatha, iye sanabwerere. Anapeza ntchito yosamalira nkhalamba ku Indiana, anakwatira Iman, ndipo mapepala ake anali m'ofesi inayake kudikira munthu woti awasainire. Masiku ano ankati anthu akugwidwa ngakhale pakhomo pa maofesi omwewo. Kuntchito ankadzera tinjira ta kuseri, ndipo munthu akagogoda pachitseko ankayamba wasuzumira.

Rukiya anatulukira pakhonde, tsache lili m'manja.

"Mwana wamwamuna mmodzi yekha," a Kasimu anapitiriza, "koma pamanda a bambo ake palibe dothi la m'manja mwake. Oyendetsa kabaza anaponya dothi. Ana asukulu anaponya dothi. Iwe uli kusambitsa makolo a eni ake."

"Inunso munafika Lachiwiri, bambo aang'ono," Rukiya anatero motsitsa.

A Kasimu anamuyang'ana nthawi yaitali. Tsiku la malirolo anali ku Beira ndi lole yawo, ndipo anayenda usiku wonse n'kudzapeza manda atatsekedwa kale.

"Ndinafika," anatero. "Mochedwa, koma ndinafika." Kenako anabwerera ku foni. "Komanso pali nkhani ya thumba. Ku Bvumbwe konse ili m'kamwam'kamwa. Akuti m'manda a bambo ako munatsanuliridwa dothi lochokera m'thumba, lisanagwe dothi la munthu wina aliyense. Ena akuti ndi dothi la kumanda ena. Akuti aphunzitsi anali okhwima. Ine alamu sakundiyankha. Ubwere udzatsuke dzina la bambo ako."

Rukiya anatchera khutu kufoni. Chapatali kunkamveka kulira kwa khanda.

"Chabwino," Hamdan anatero. "Mawa ndigula tiketi."

Rukiya anatembenuka. Chitseko cha kuchipinda chaching'ono chinali chotsegula pang'ono. Amayi ake, a Mwanahamisi, anali pamkeka m'menemo, atafunda nsalu yoyera ya eda, masiku amene wamasiye satuluka m'nyumba. Anali atamva zonse. Pamilomo pawo panadutsa kumwetulira kwakung'ono, kofulumira, ndipo ataona kuti mwana wawo akuwayang'ana anakokera nsalu kumaso.

Kumwetulirako kunamuopsa Rukiya kuposa thumba losowa.

Atapemphera swala ya masana anatenga kanjira ka m'munda wa tiyi, kupita kwa a Fackson. Anali mnzawo wa bambo ake wa pabawo, Mlomwe wa tchalitchi amene kale anali kapitawo pa esiteti, ndipo anali kumanda tsiku lija.

Chiperoni chinali chitatsika kuchokera kumapiri. Mizere ya tiyi inkayamba pamapazi ake n'kukathera m'zoyera zokhazokha, ngati dziko silinamalizidwe kulengedwa. Othyola tiyi ankaoneka mitanga yokha, ikusuntha yokha pamwamba pa masamba. Ankacheza mu Chilomwe, koma iye atayandikira macheza anazima mzere ndi mzere. Atadutsa anamva wina akunong'ona, "Mwana wa aphunzitsi a thumba aja."

Njira yomweyi ankayenda ndi bambo ake Loweruka lililonse. Kwa iwo kalasi sinkathera pakhomo la sukulu. Ankaima pamlatho n'kumuuza za mizinda yakale ya ku Ulaya imene inkatseka zipata mliri ukafika, mwana kunja, mayi mkati, akuitanizana kudzera pamwamba pa linga. Ankamuuza za Asilamu ndi Ayuda amene anathamangitsidwa ku Spain, ena atanyamula makiyi a nyumba zawo poganiza kuti ndi ulendo wa miyezi yochepa. Ankamuuza za agogo a othyola tiyi omwewa, amene anaoloka kuchokera ku Mozambiki kuthawa chikoti n'kudzapeza thangata. Wailesi ikanena kuti ku Amereka akugwetsa zipilala za akuluakulu a nkhondo akale, ena akulira ena akuvina, kapena akukangana kuti ana asukulu aphunzire za ukapolo kapena ayi, iwo ankaseka pang'ono.

"Akukangana ndi akufa," ankatero. "Dziko likayamba kukangana ndi akufa ake, mlendo ayambe kuyang'ana kumene kuli chitseko."

"Nanga achimwene munawaloleranji kupita?" Rukiya anafunsa tsiku lina.

"Chipata chikatseguka umadutsa, mama. Kungoti sumachikhulupirira."

A Fackson anawapeza pansi pa tsindwi la khonde, bawo lili patsogolo pawo. Mbali ya aphunzitsi njere zinali momwe anazisiyira.

"Masewera sanathe," a Fackson anatero ataona kumene iye akuyang'ana. "Anati adzamaliza Lolemba. Ndipo ankaluza, usamve zonena za anthu."

Rukiya anakhala pansi n'kupereka moni. Kenako anafunsa za thumba.

A Fackson anapukusa mutu. "Anthu a pano, mwana wanga, akaona munthu akuwerenga mabuku amati akufuna chizimba. Ndikuuze zimene maso angawa anaona. Tisananyamule maliro, amayi ako anaitanitsa a shehe. Anawalankhula ali kuseri kwa chitseko. Sindinamve mawu ake. Ndinangoona a shehe atazyolika, kenako analowa n'kutuluka ndi thumba la shuga lakale, lomanga pakamwa. Sanapatse mnyamata aliyense. Ananyamula okha mpaka kumanda."

"Ndiye?"

"Atamugoneka mnzangayo n'kuyala matabwa, anthu anawerama kuti atape dothi. A shehe anakweza dzanja. Anamasula thumba n'kutsanula katatu, pang'onopang'ono. Linali louma, linafuka ngati utsi. Pamenepo m'pamene anthu anayamba kuyang'anizana."

"Linali la kumanda?"

"Kumanda kwathu kuno kuli mitengo ya bulugamu yokhayokha. Mudothi lija munali masamba a peyala." Anatola njere imodzi ya bawo n'kuibwezera pamalo pake. "Kodi inu kuseri kwa nyumba kuli mtengo wanji?"

Rukiya anabwerera mothamanga, nsalu yake itanyowa ndi mame a tiyi mpaka m'chiuno. Sanalowe m'nyumba. Anazungulira kuseri. Pansi pa mtengo wa mapeyala panali kadzenje kosaya kamene mvula ikagwa nkhuku zinkamwapo madzi. Anakadziwa zaka zonsezi osakafunsa. Anaima pomwepo, ndipo chithunzi chinabwera chokha: tsiku loti mawa lake Hamdan anyamuka, iye atagwada pansi pa mtengowu mu shati yatsopano, akudandaula, bambo ataimirira pambali pake.

Analowa kuchipinda chaching'ono osagogoda.

"Amayi, dothi lija anatapa ndi achimwene."

A Mwanahamisi sanadzutse mutu. Zala zawo zinapitiriza kuyenda patasibihi, mikanda yawo ya mapemphero.

"Mukudziwa, amayi. Ndinu munauza a shehe. Mukumva bambo aang'ono akumukakamiza, inu muli chete. Akabwera kuno, Iman ndi mwana atsala okha. Mwanayo adzakula akudziwa bambo ake pafoni."

"Ngati mmene ine ndikumudziwira wanga," amayi anatero.

Pabalaza wailesi inkapitiriza kupuma.

"Unamuona liti mchimwene wako, Rukiya? Ine ndinamusiya pabwalo la ndege ku Chileka alibe ndevu. Pano pafoni ndikuona imvi apa." Anagwira m'mbali mwa mutu. "Imvi, mwana amene ndinamubereka ine. Bambo ako anali ndi mizinda yawo, ndi mafumu awo akufa, ndi wailesi yawo. Ine ndinali ndi chiyani? Ndinangoti ndikhale chete masiku awiri okha. Sindinaname. Ndangokhala chete."

Rukiya anagwada pamkeka. Anafuna kukwiya koma mkwiyo sunabwere. Anatulutsa foni yake n'kuiika pakati pawo.

"Ndimuimbire, kapena muimba nokha?"

Amayi anayang'ana foniyo ngati njoka yogona. "Aitane a Kasimu," anatero. "Amve nawo."

A Kasimu anaima pakhomo, sanalowe. Ku Indiana kunali kutangocha kumene. Hamdan anaoneka ali m'galimoto, atavala yunifolomu ya kuntchito, maso ofiira.

"Achimwene," Rukiya anayamba, "mukukumbukira zimene bambo anakutumani tsiku loti mawa munyamuka?"

"Anandituma zambiri. Kukatsanzika kwa a shehe, kukagula chingwe cha sutikesi..." Anaima. Nkhope yake inasintha pang'ono. "Dothi. Anati akufuna kudzala maluwa. Ndinatenga khasu, anandilanda. Ndinatenga fosholo, anandilandanso. Akuti ndi manja. Ine shati yatsopano, zikhadabo ndangowenga kumene. Ndinakwiya mpaka sitinalankhulane madzulo onse. Maluwawo anadzala?"

A Kasimu anagwira chimango cha chitseko.

"Sanadzale," a Mwanahamisi anatero. Anatenga foni n'kuiyandikiza kumaso. "Analisunga pansi pa bedi. Usiku umene unakwera ndege anandiuza kuti, mwanayu akupita kudziko limene tsiku lina lidzatseka chitseko, iye ali mkati kapena ali kunja. Ndikadzafa asadzavutike. Dothi lake waponya kale." "Lolemba dothi loyamba kugwa pa bambo ako linali la m'manja mwako, Hamdan. Lisanaponyedwe la wina aliyense."

Hamdan anaphimba kumaso ndi dzanja. Kunja kwa galimoto yake kunadutsa basi yachikasu ya ana asukulu.

"Zimenezi sizinalembedwe m'buku lililonse," a Kasimu anatero, koma mawu awo analibe mphamvu.

"A shehe anatero nawonso," amayi anayankha. "Kenako anati sizinaletsedwenso."

A Kasimu anakhala pansi pomwepo pakhomo, miyendo itatambasuka ngati mwana. Anavula chipewa n'kuyamba kuchizunguza m'manja.

"Za ku Mandimba," anatero. "Achimwene sanaiwale za ku Mandimba." Anayang'ana Rukiya. "Agogo ako anaoloka kupita ku Mozambiki kukaona munda wawo. Nkhondo inatseka msewu ali komweko. Tinamva za imfa yawo chimanga chitakololedwa kale. Manda ake sitikuwadziwa mpaka lero. Ine ndinali wamng'ono, ndinalira n'kuiwala. Achimwene sanalire. Anangoyamba kuwerenga mabuku a nkhondo ngati akufunamo dzina la munthu." Anavalanso chipewa n'kukweza mawu pang'ono kuti foni imve. "Iwe Hamdan. Ndalama ya tiketiyo ugulire mwana zovala. Za ku Bvumbwe ndithana nazo ndekha. Pakamwa pa anthu ndimapadziwa."

"Amayi?" Hamdan anafunsa. Sanali kufunsa a Kasimu.

A Mwanahamisi anayang'ana nkhope ya mwana wawo nthawi yaitali, ndevu, imvi za m'mbali, kachipsera ka pachipumi kamene anakapeza atagwa mumtengo wa mapeyala womwe uja. Chala chawo chinayenda pagalasi la foni.

"Usabwere," anatero. "Uwapempherere komweko. Arobaini tidzachita, iwenso udzaphike mpunga uitane anzako. Usabwere, mwanangu."

Hamdan anagwedeza mutu, akupukuta m'maso. Kenako anaseka pang'ono, kuseka konyowa.

"Nkhalamba ija," anatero. "Ndiye linalo analitani? Paja anandidzazitsa matumba awiri."

Rukiya anaweramira pafoni. "Awiri?"

"Awiri. Lalikulu ndi laling'ono. Ndinawafunsa kuti maluwa ake ndi angati, iwo anati, iwe tapa."

Rukiya anatembenukira kwa amayi ake. Iwo sanadabwe. Anatsanzikana ndi Hamdan bwinobwino, kumuuza kuti asachedwe kuntchito, apereke moni kwa Iman, amupsompsone mwana. Foni itazima anadzuka pamkeka, mawondo akulira, n'kulowa kuchipinda chachikulu. Rukiya anawatsatira.

Pakona panali bokosi lachitsulo la nsalu zawo za ukwati. Analitsegula, ndipo fungo la mvula yoyamba lija linadzaza chipinda. Anachotsa zitenje chimodzichimodzi, kuziika pabedi. Pansi penipeni panali kathumba ka mpunga kakale, kolemera, komangidwa pakamwa ndi tayi yobiriwira imene aphunzitsi ankavala tsiku lotsekera sukulu. Mfundo yake inali yawo yomwe, yokhota kumanzere.

"Anati ili ndi langa, ndiliike pambali pa lawo," amayi anatero. "Ndinakana. Ndinati ine mwana wanga adzandiika yekha, ndi manja ake, ali pompano. Ndinalibisa kuti ndisamalione. Iwo sananditsutse. Chaka chilichonse mvula ikatha ankangolitulutsa, kuliyanika padzuwa kuti lisachite nguwi, n'kulibwezera momwe ndinalibisira, nsalu zanga atazipinda bwino kuposa ine. Ankaganiza kuti sindikudziwa."

Anakanyamula kathumbako ndi manja awiri, monga amanyamulira khanda logona. Anagwada pambali pa bedi n'kukakankhira mkati, mpaka kanakhala pamalo oyera aja pamene panali thumba la amuna awo. Sikanadzaze malo onse.

Kunja nkhungu inali itafika pawindo. Pabalaza a Kasimu anaima patsogolo pa wailesi, dzanja lili pabatani, koma sanazimitse.

Rukiya anatola tsache limene analisiya m'mawa, chifukwa sanadziwe chochita ndi manja ake. Anasesa kukhomo, anasesa pansi pa windo. Atafika pabedi, amayi ake anamugwira mkono mofatsa.

"Pamenepo pasiye, mama."